Tchanelo cha masapota a mpira pa YouTube: mwana wa Sitandade 5 angaonere?

Mayi_a_Mapasa:
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni inu odziwa za mpira ndi mafoni. Pali tchanelo china pa YouTube cha masapota a Arsenal, aja amaima panja pa bwalo gemu ikatha n'kumafunsa anthu maganizo awo, ena n'kukhala m'chipinda kumaonera mpira uku akukalipira TV. Anyamata a Sitandade 5 kuno ku Kamuzu Road angotengeka nacho. Kodi munthu angadziwe bwanji kuti tchanelo chotere n'choyenera mwana wa zaka 10? Yankho loti "mpira ndi mpira basi" ayi chonde. Ndikufuna ndidziwe poyang'ana penipeni.

Maule4Life:
Choyamba mwanayo mumutulutse ku Arsenal mayi, zina zonsezi zikonzeka zokha.

GunnerWaSengaBay:
A Maule, mayi afunsa zanzeru, inu mwayamba kale. Mayi, choyamba musiyanitse: pali tchanelo cha timu yeniyeniyo, pali cha masapota. Cha timu chimayendetsedwa ndi ofesi ya kalabu, mawu amasefedwa chifukwa amaopa kukhumudwitsa makampani owathandiza. Cha masapota n'cha anthu wamba. Chotchuka kwambiri cha masapota a Arsenal ndi AFTV, chimene Robbie Lyle anayambitsa mu 2012 chikutchedwa ArsenalFanTV, n'kudzasintha dzina mu 2018. Si cha Arsenal ayi. Masapota a Manchester United ali ndi The United Stand, a Liverpool ali ndi The Redmen TV, ndipo pali tina tambirimbiri tating'ono tongotengera zomwezo. Ndiye musaone baji ya timu pa chithunzi n'kuganiza kuti kalabu yavomereza zimene zikuyankhulidwa mmenemo.

Fundi_wa_Mafoni:
Mayi, patulani ola limodzi inu nokha, mwana asali pafupi, mahedifoni kukhutu. Mukatsegula tchanelocho muona timitu pamwamba: Videos, Shorts, Live, Playlists ndi Posts. Makolo ambiri amangoona Videos n'kutseka, chonsecho zambiri zosayenera zimakhala ku Live ndi ku Shorts.

Yambani ndi Videos, mudine Popular. Amene ali pamwambawo ndi amene aonedwa kwambiri, ndipo mwana adzakumana nawo ndithu ngakhale akhale a zaka zitatu zapitazo. Pa matchanelo a masapota, mavidiyo otchukawa kawirikawiri amakhala a tsiku limene timu inagonja mochititsa manyazi, chifukwa ndi pamene munthu amaphulika, komanso masapota a matimu ena amakhamukira komweko kukaseka. Onerani atatu oyambawo mpaka kumapeto. Mukatero pitani pa Latest, mufufuze tsiku limene timuyo yagonja posachedwapa, muonere vidiyo ya usiku womwewo. Tsiku lopambana aliyense amakhala waulemu. Wogula usipa ku Senga Bay amapisa dzanja pansi pa chidebe, sangokhulupirira wapamwambawo.

Kenako Live. Vidiyo ya layivu imatenga maola awiri kapena atatu, simungaimalize. Ikokereni kutsogolo mpaka pamene timu yawo yagoletsedwa, kapena pamene oyimbira wapereka penate kapena khadi lofiira, mumvetsere mphindi zisanu kuchokera pamenepo. Vidiyo yokonzedwa amatha kudula mawu otukwana kapena kuwaphimba ndi kaphokoso, koma ya layivu ilibe wodula. Tsegulaninso Live chat replay muone zimene oonera ankalemba nthawi yomweyo.

Pansi pa vidiyo iliyonse dinani pamene palembedwa more, muwerenge malinki onse. Pamenepo ndi pamene mumadziwira amene akudyetsa tchanelocho.

Mayi_a_Mapasa:
Zikomo a Fundi. Koma Chingerezi cha anthu a ku London chimathamanga, mawu ena sindigwira. Ndidziwa bwanji kuti apa watukwana?

Aphunzitsi_Khombedza:
Ilipo njira yake mayi. Pansi pa vidiyo, mukadina more n'kutsika, mupeza Show transcript. Imakulemberani zonse zimene zikuyankhulidwa, mzere ndi mzere, nthawi yake ili pambali. Makina a YouTube akamva mawu otukwana a Chingerezi sawalemba, amangoika mabulaketi awiri okhala ndi kamzere pakati. Ndiye ingotsikani mukuwerenga timabulaketi timeneto. Vidiyo ya mphindi 10 ikakhala nato tiwiri, imeneyo ndi nkhani ina. Tikakhala paliponse, yankho mwalipeza kale.

Koma musathere pa kutukwana pokha. Mverani kumene mkwiyowo ukulunjika. Munthu akamati kochi walakwitsa kutulutsa wosewera pakati uja, taonani mpata umene watsala kumanzere, mwana akutolapo mpira ngakhale mawuwo akhale okweza. Koma akamati wosewera uja ndi chitsiru, athyoke mwendo, abwerere kwawo, pamenepo mpira watha, akuphunzitsa mwana kuti munthu akalakwitsa ayenera kunyozedwa pagulu. Zimenezi zimatulukira Lolemba pa bwalo la sukulu. Goloboyi wa Sitandade 4 akagoletsetsa, anzake amamuthira mawu omwe aja, katchulidwe kake komweko, tanthauzo osalidziwa n'komwe.

GunnerWaSengaBay:
Aphunzitsi, ndikumva, koma tisanamizane. Ana omwewa Loweruka amakhala ali m'mavidiyo sho pa Kamuzu Road, mmene madoda amatukwana mu Chichewa chomveka bwino. Pitani ku Chitowe MAFCO ikamasewera mukamve zimene oyimbira amauzidwa. Ndiye tikuopa Chingerezi chimene mwanayo sakuchimva n'komwe?

Nyerere_ya_Chipoka:
Kusiyana kulipo achimwene. Ku sho gemu ikatha mwini wake amazimitsa jenereta, anthu n'kubalalika. Komanso mumakhala akuluakulu omudziwa mwanayo, wina amatha kunena kuti "amwene chepetsani, muli ana muno". Pa foni vidiyo ikatha ina imayamba yokha, ndipo yotsatirayo imasankhidwa potengera chimene chinamugwira mtima kwambiri, chomwe nthawi zambiri ndi kukalipa komweko. Mwana ali yekha m'bulangeti, palibe womudzudzula.

GunnerWaSengaBay:
Za kukhala yekha ndavomera. Za sho sindinavomere, ana a zaka 10 sayeneranso kupezeka mmenemo usiku.

Nyerere_ya_Chipoka:
Pamenepo tagwirizana, palibe wanena kuti sho ndi Sande sukulu.

Agent_wa_pa_Depoti:
Inu mukulimbana ndi kutukwana, ine nkhawa yanga ndi juga. Kutukwana mwana mungamuletse n'kusiya, koma kubetcha kukalowa m'mutu n'kovuta kutulutsa. Mayi, pamene a Fundi akuti muwerenge malinki, muyang'ane izi. Mawu oti promo code, free bet, bonus, odds, kapena linki yolembedwa sign up. Pa vidiyo penipenipo, kumayambiriro kumatha kutuluka kamawu koti Includes paid promotion, kusonyeza kuti pali kampani imene yalipira. Mverani mphindi ziwiri zoyambirira komanso chapakati, ndi pamene woyankhula amaima kaye n'kuyamba kutamanda kampani imene yamulipira. Ena salengeza poyera, amangoti "ine ndaika ndalama pa zigoli zopitirira ziwiri", n'kuonetsa tikiti pa sikirini. Kumeneko ndi kutsatsa komwe, ndipo n'koopsa kuposa kulengeza chifukwa mwana amangoona ngati ndi mmene munthu wodziwa mpira amachitira.

Kuno kwathu lamulo limaletsa munthu wosakwana zaka 18 kutchova juga, ndipo amene amayang'anira zimenezi ndi a MAGLA. Koma lamulo siliona kuti wagwira foni ndani. Akaunti ya beti imatsegulidwa pa nambala ya munthu wamkulu, ndalama imachoka ku Airtel Money kapena Mpamba. Mwana amene amatumidwa kukagula mayunitsi a magetsi pa foni ya makolo, PIN amaidziwa kale. Njira yake imayenda motere: ayamba ndi kulosera zigoli ndi anzake, kenako tikiti ya ndalama zochepa, kenako apeza kuti kagemu ka juga ka pa foni kaja ka kandege sikadikira mphindi 90, kamalipira kapena kudya pa masekondi. Ndiye ngati foni imene mwana amaonerapo mpira ili ndi ndalama, sinthani PIN lero, ndipo muziona mameseji a ndalama zotuluka asanafufutidwe.

Maule4Life:
Nanga YouTube siletsa zimenezi?

Fundi_wa_Mafoni:
Inakhwimitsa mu Malichi 2025. Inaletsa kulozera anthu ku masamba a juga osavomerezeka, ndipo mavidiyo otsatsa makasino a pa intaneti inayamba kuwatsekera osakwana zaka 18. Koma kubetcha pa masewero sikunalowe m'gulu lotsekedwalo. Ndiye vidiyo ya munthu wolosera magemu a Loweruka ndi ma odds ake imadutsa bwinobwino.

KochiWaAna_Lifuwu:
Ndipo ngakhale woyankhula asatchule kanthu, dzina la kampani ya juga mwana amaliona pa jezi ndi pa zikwangwani za m'mphepete mwa bwalo. Matimu a Premier League anagwirizana mu Epulo 2023 kuti achotse makampani a juga pachifuwa pa jezi ikatha sizoni ya 2025/26, koma pamkono wa jezi ndi pa zikwangwani anasiyapo. Zimenezo simungazitseke. Chimene mungayeze ndi chakuti kodi tchanelocho chikumuuza mwana kuti "lowa apa, ika ndalama". Chikatero, kwa wa zaka 10 nkhani yatha, musavutike n'kuwerenga mabulaketi.

Maule4Life:
Ndiye bwanji osangowazoloweza ana mpira wakwathu? Aonere Bullets, aonere Flames. Chigoli cha Gabadinho Mhango chimene anagoletsa Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, pali cha Arsenal chofanana nacho?

Nyerere_ya_Chipoka:
Mwatchula Flames kuti mubisale. Nenani za derby.

Maule4Life:
Derby iti? Werengani makapu a ligi kaye mubwere.

GunnerWaSengaBay:
Anthu a ku Salima kukanganirana matimu a ku Blantyre, MAFCO ili pakhomo pompano. Manyazi bwanji.

Nyerere_ya_Chipoka:
Akutero ndi munthu wa timu ya ku London.

Admin_SalimaMakolo:
Abale, za derby zili ndi gulu lake. Tibwerere kwa mayi.

Aphunzitsi_Khombedza:
Komatu a Maule akhudza malo ofunika mosadziwa. Masamba a masapota akwathu, makamaka pa Facebook ndi TikTok, si kuti ndi oyera chifukwa ndi akwathu. Kumeneko mwana amamva liwu lililonse. Werengani ndemanga pansi pa positi ya derby: kunyozana mitundu, kunyozana zigawo, kutukwanizana makolo, kunamizira wosewera ufiti kapena kugulitsa gemu popanda umboni. Makina osefa mawu aja amagwira Chingerezi, Chichewa chathu samachimva bwino, ndiye chipongwe cha m'Chichewa chimadutsa chonse. Tsamba lakwathu muliyeze ndi muyezo womwewo: tsiku logonja, layivu, ndemanga, malinki.

Sisi_wa_Netball:
Ndiwonjezere mbali ya atsikana, chifukwa tikuyankhula ngati oonera mpira ndi anyamata okha. Atsikana ambiri panopa akusaka mavidiyo a Temwa Chawinga, amene mu 2024 anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current n'kusankhidwa wosewera wopambana onse, komanso a mkulu wake Tabitha. Mavidiyowo alibe vuto. Vuto ndi zimene anthu amalemba pansi pake komanso mmene matchanelo ena amayankhulira za osewera aakazi: za thupi lawo, za maonekedwe, zoti uyu ndi mwamuna. Poyeza tchanelo, lembani dzina la wosewera wamkazi kapena oyimbira wamkazi m'malo osakira a m'tchanelo momwemo, muone mmene amamutchulira. Ngati akamafika pa mkazi nkhani imachoka pa mpira n'kupita pa thupi, musamusiyire mwana wanu, kaya ndi mtsikana kaya ndi mnyamata. Mnyamatayo ndi amene adzakayankhule zomwezo kwa anzake a m'kalasi.

KochiWaAna_Lifuwu:
Zoona asisi. Chimodzimodzinso tsankho la khungu. Bukayo Saka, Marcus Rashford ndi Jadon Sancho ataphonya mapenate pa fainolo ya Euro mu Julaye 2021, ananyozedwa pa intaneti chifukwa chakuti ndi akuda. Matchanelo abwino amadzudzula zotere ndipo amafufuta ndemanga zake. Ena amangozisiya chifukwa mkangano umabweretsa oonera. Tsikani ndemanga 30 zoyambirira pa vidiyo ya tsiku logonja, kenako musinthe kuchoka pa Top kupita pa Newest. Pa Top pamakhala zosankhika, pa Newest ndi pamene mumaona ngati pali munthu amene amasesa.

Mayi_a_Mapasa:
Nanga tchanelochi chili ndi kachizindikiro kochonga pafupi ndi dzina, ndipo ochitsatira ndi ambiri zedi. Sizikusonyeza kuti n'chovomerezeka?

Fundi_wa_Mafoni:
Ayi mayi. Kachizindikiro kaja kamangotsimikiza kuti tchanelocho n'cha mwini wake weniweni, osati chonamizira. Tchanelo chimatha kukapempha chikafika ochitsatira 100,000. Sikanena chilichonse za ana. Chizindikiro chimene chimakhudza ana ndi china: vidiyo imene mwini wake waiika m'gulu la zopangira ana imakhala yotseka ndemanga, lamulo limeneli linayamba mu Januwale 2020. Matchanelo a masapota sadziika m'gulu limenelo, chifukwa chakudya chawo ndi ndemanga ndi layivu. Komanso YouTube yeniyeniyo imati munthu akhale ndi zaka 13 kuti atsegule akaunti yakeyake. Facebook ndi TikTok chimodzimodzi, 13. Ndiye wa zaka 10 akamaonera, ndiye kuti ali pa akaunti ya munthu wamkulu kapena ananamiza chaka chobadwa, ndipo makina akumutenga ngati wamkulu.

Bambo_wa_ku_Thavite:
A Fundi, tiuzeni zoti tidine. Foni ndi imodzi pakhomo, itel, tonse timagwiritsa yomweyo.

Fundi_wa_Mafoni:
Chabwino bambo, pa foni yogawana chitani izi motsatana.

Mu YouTube dinani chithunzi chanu, mulowe Settings, kenako General, muyatse Restricted Mode. Imabisa mavidiyo ambiri a akuluakulu ndipo imabisanso ndemanga pansi pa mavidiyo. Dziwani kuti imagwira pamene mwaiyatsira pokhapo. Mukaiyatsa mu apu, mwana n'kutsegula YouTube kudzera pa Chrome kapena Opera Mini, kumeneko ndi kwina, muyatsenso pakepake. Ndipo mwana wochenjera amatha kuizimitsa, ndiye muziyang'ana kawirikawiri ngati ikadali yoyaka.

Mu Settings momwemo zimitsani Autoplay, m'mafoni ena ili pansi pa Playback. Vidiyo ikatha iziima.

Chachitatu n'chimene anthu ambiri sachidziwa. Mu Settings ya foni yeniyeniyo, pansi pa Security, muli App pinning, mafoni ena amati Screen pinning. Mukaiyatsa n'kusankha kuti izifunsa PIN, mumakhoma apu imodzi pa sikirini. Mwana amakhala mu YouTube momwemo, sangatuluke kupita ku WhatsApp, ku Facebook kapena ku ndalama zanu popanda PIN. Mafoni amene ali ndi Digital Wellbeing mungaikenso malire a nthawi, mwachitsanzo mphindi 40 pa tsiku, zikakwana apu imatseka mpaka mawa.

Chimene chimasokoneza pa foni yogawana ndi History. YouTube imasankhira munthu mavidiyo potengera zimene zaonedwa pa akauntiyo. Bambo akaonera nkhonya, ndale kapena zolosera beti usiku, m'mawa mwana azipeza pa tsamba loyamba. Njira yabwino n'kukhala ndi akaunti yachiwiri yoonera ana yokha, n'kumasinthira kumeneko musanapereke foni.

Bambo_wa_ku_Thavite:
Nanga YouTube Kids ija anthu amanena?

Fundi_wa_Mafoni:
Ngati Play Store ya foni yanu ikulola kuiika, ndi yabwino kwa aang'ono. Ili ndi magawo atatu: zaka 4 kutsika, 5 mpaka 8, ndi 9 mpaka 12. Mungazimitse kusaka, ndipo pali Approved content only, pamene mwana amaona zokhazo zimene inu mwasankha ndi dzanja lanu. Koma musayembekezere kuti mnyamata wa Sitandade 5 wokonda Premier League akhutira nayo. Matchanelo a masapota mulibe mmenemo, zigoli za dzulo sazipezamo mwachangu, ndiye amabwerera ku YouTube ya akuluakulu mwakabisira. Kwa msinkhu umenewu chimene chimathandiza ndi akaunti ya mwana yoyang'aniridwa ndi kholo kudzera pa apu ya Google yotchedwa Family Link. Pamenepo mwana sangalembe ndemanga, macheza a pa layivu amatsekedwa, ndipo kholo limatha kutsekeratu tchanelo chimene silikufuna. Imafuna kuti kholo likhale ndi akaunti yake ya Google ndiponso kuleza mtima pokonza, koma ikakhazikika imagwira ntchito kuposa Restricted Mode.

Nyerere_ya_Chipoka:
Zonsezi zili bwino, koma mukuiwala kuti ana ambiri kuno saonera pa intaneti. Bandulo aitenga kuti? Amapita kwa anyamata obena nyimbo pamsika, amawaikira mavidiyo pa memory card, kapena amatumizirana pa Xender ndi Bluetooth kusukulu. Restricted Mode siona zimenezo. Ndipo wobena sasankha, amangokopera foda yonse yolembedwa "mpira", mmene muli zigoli, ndewu za masapota, osewera akuthyoka miyendo, mwinanso zina zosakhudzana ndi mpira n'komwe. Tsegulani Files kapena Gallery, muone foda ya Xender, ya Download ndi ya WhatsApp Video.

Agent_wa_pa_Depoti:
Za bandulo mwanena zoona. Layivu ya maola atatu imadya kwambiri. Amene mwalola mwana kuonera, dinani kagiya ka pa vidiyo, pa Quality musankhe 240p kapena 360p. Munthu akungoyankhula pa kamera safuna HD.

Maule4Life:
Ndiye umphawi ukutiteteza eti.

Sisi_wa_Netball:
Sukutiteteza, ukungosamutsa vuto. Mwana wopanda bandulo ndi amene amakakhala pafupi ndi mkulu wina amene ali ndi foni, ndipo simudziwa kuti mkuluyo akumuonetsa chiyani china.

KochiWaAna_Lifuwu:
Pali mbali ina imene sitinaikhudze: nthawi. Ngakhale tchanelo chikhale choyera bwanji, moyo wake uli usiku. Magemu ambiri a Champions League amayamba 9 koloko usiku nthawi yathu, ndipo kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, azungu akabweza mawotchi awo, amayamba 10 koloko. Gemu imene yayamba 10 koloko imatha cha m'ma 12 koloko. Mavidiyo a masapota panja pa bwalo amayamba kutuluka pambuyo pake, ndiye kuti 12 yadutsa, Lachiwiri kapena Lachitatu, mawa kuli sukulu. Mwana akayatsa kabelu ka tchanelocho, foni imalira nthawi imeneyo. Zimitsani kabeluko, ndipo foni izigona kuchipinda kwa makolo. Magemu a Loweruka masana alibe vuto limeneli, a 3 koloko ku England kuno amakhala 4 kapena 5 koloko madzulo.

Aphunzitsi_Khombedza:
Akochi mwalasa. Wosinza m'kalasi Lachinayi m'mawa sitichita kufunsa kuti dzulo kunali gemu yanji.

Fundi_wa_Mafoni:
Ndibwerere ku macheza a pa layivu, chifukwa ndi khomo limene alendo amalowera. Matchanelo a masapota alibe chilolezo choonetsa gemu yeniyeniyo, n'chifukwa chake mumangoona nkhope zawo ndi wotchi. Mwana amafuna kuona mpirawo, ndiye m'machezamo mumadzaza anthu oponya malinki: "onerani gemu ulere apa", "lowani gulu lathu la Telegram", "tili ndi magemu okonza kale". Linki yoonera ulere imatsegula masamba atatu kapena anayi musanafike pa mpira, ndipo ambiri mwa masambawo ndi a juga kapena zolaula. Ena amakuuzani kuti muike apu yawo, kafayilo kothera ndi apk, kosachokera ku Play Store, kamene kamapempha chilolezo chowerenga mameseji anu. Pa foni yokhala ndi ndalama, chilolezo chimenecho n'choopsa. A magemu okonza kale aja ndi akuba basi, amafuna mutumize ndalama kaye. Ndiye poyeza tchanelo, onani ngati m'macheza muli oyang'anira, mayina awo amakhala ndi kachizindikiro kapadera pambali, ndiponso ngati malinki otere akufufutidwa msanga. Akamangokhala osachotsedwa, palibe akulondera.

Sisi_wa_Netball:
Ndipo mwana auzidwe momveka kuti munthu wa m'macheza akapempha nambala, chithunzi, dzina la sukulu kapena kuti "tiye tikachezere ku inbox", asayankhe, akuonetseni. Musamukalipire akakuonetsani, mukatero ulendo wina adzabisa. Zikafika poti wina akumuvutitsa kapena kumuopseza, jambulani sikirini musanafufute chilichonse, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere, ndi yothandiza ana.

GunnerWaSengaBay:
Ine ndikuona ngati tikupita koletseratu, zomwe sizigwira. Mwana amene anzake onse akukamba za vidiyo ya dzulo, inu mwamuletsa, akaonera kwa anzakewo. Bwanji osasiyanitsa m'tchanelo momwemo? Matchanelo ambiri otere ali ndi mapulogalamu osiyana. Pali zokambirana gemu isanachitike, pali kufotokoza mmene timu inaimira pa bwalo, pali nkhani za kugula osewera. Zimenezi kawirikawiri zimakhala zodekha. Zophulika ndi ziwiri: layivu ya nthawi ya gemu, ndi mafunso a panja pa bwalo timu itagonja. Wa zaka 14 kapena 15 angaonere zodekhazo, mwina mutakhala naye limodzi poyamba.

Aphunzitsi_Khombedza:
Wa 15 inde. Mayi akunena wa zaka 10. Wa zaka 10 sangasankhe kuti iyi ndionere, iyi ndidumphe, chithunzi cha munthu wolusa atatsegula kukamwa ndi chimene chimamukoka. Kusankhako achite kholo: pamene batani la Download likuoneka, tsitsani mavidiyo awiri kapena atatu amene mwawaona kale, muzimitse data, mumupatse foni.

GunnerWaSengaBay:
Imeneyo ndiye ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku aphunzitsi, makolo ake ati?

Aphunzitsi_Khombedza:
Timu imasewera kamodzi kapena kawiri pa sabata. Si tsiku ndi tsiku.

KochiWaAna_Lifuwu:
Ndipo pomuchotsera china mumupatse china. Chimene mwana wa msinkhu umenewu amafuna kwenikweni ndi zigoli ndi zochenjeretsa mpira. Matchanelo a makalabu enieniwo amaika zigoli za gemu m'mavidiyo afupiafupi, amaikanso zokonzekera ku bwalo la maphunziro ndi kucheza ndi osewera. A FIFA ndi a CAF ali ndi matchanelo awo, a FAM ali ndi tsamba lawo. Kumeneko mawu ndi osefedwa, chotsala ndi ndemanga za anthu pansi, zimene Restricted Mode imabisa. Chenjerani ndi mavidiyo osonkhanitsa "kuvulala koopsa" kapena "ndewu za m'bwalo" amene amabwera m'mbali. Ngakhale ija ya Christian Eriksen atagwa pa bwalo mu Juni 2021 imazungulirabe, ndipo mwana wamng'ono ikhoza kumusowetsa tulo.

Mayi_a_Mapasa:
Ndachita monga munanenera. Pa mavidiyo atatu a Popular, awiri ndi a tsiku logonja, timabulaketi tija tili ponseponse. Pansi pake pali linki ya kampani ya beti ndi promo code. Ya layivu, atangogoletsedwa, mawu ake sindingawalembe pano, ndipo m'macheza malinki a Telegram akungodutsa osachotsedwa. Zokambirana gemu isanachitike zili bwino ndithu monga ananenera a Gunner, koma nazonso zikuyamba ndi kutsatsa beti. Ndiye kwa anyamatawa ayi. Funso latsala: ndichichotsa bwanji kuti chisamabwerenso pa tsamba loyamba?

Fundi_wa_Mafoni:
Yambani ndi Unsubscribe, kabelu kazimira limodzi. Kenako pa tsamba loyamba, vidiyo yawo ikaoneka, dinani timadontho titatu pambali pake musankhe Don't recommend channel. Mukatero lowani mu History, mufufute mavidiyo awo onse amene anaonedwa, apo ayi makina azibweretsa matchanelo ena ofanana nacho. Ku Shorts chitaninso chimodzimodzi, chifukwa tizidutswa ta mavidiyo awo timaikidwanso ndi anthu ena pa matchanelo osiyana, ndipo timeneto muzitidina Not interested tikamabwera. Dziwani kuti zonsezi zimangochichotsa pamaso, mwana akalemba dzina lake posakira achipezabe. Kutsekeratu kumatheka pa akaunti yoyang'aniridwa ija basi. Ndiye kwa sabata ziwiri zoyambirira muziona History ndi zimene zasakidwa. Mukapeza History ili mbee pamene bandulo yatha, ndiye kuti wina waphunzira kufufuta kapena akugwiritsa Incognito.

Bambo_wa_ku_Thavite:
Incognito ndiye chiyaninso abale?

Fundi_wa_Mafoni:
Ndi kuonera kosasiya mapazi bambo. Ili mu YouTube momwemo mukadina chithunzi chanu, palembedwa Turn on Incognito. Ikayaka, pamalo pa chithunzi chanu pamabwera kachipewa ndi magalasi. Pa akaunti ya mwana ya Family Link batani limeneli silipezeka. Ngati zikukuvutani, pitani ndi foniyo kwa wokonza mafoni amene mumamukhulupirira, koma pasiwedi ndi PIN mulembe nokha, iye atayang'ana kumbali.

Maule4Life:
Mayi, poti malo atseguka, jezi yofiira ya mwana ilipo pamsika, ndipo si ya Arsenal.